Malupanga Asanu a Mng'ono Wathu

Chithunzi chinafika pa foni ya mdzukulu wa amayi Lachinayi madzulo, ndipo pofika nthawi ya Isha nkhani inali itazungulira nyumba zonse za pabanja pathu. Pachithunzipo panali khoma la chipinda cha mng'ono wathu amene amakhala ku Johannesburg, kumene anthu akwathu amangoti ku Joni. Pakhomapo panali malupanga ogonekedwa pa timitengo, lina pamwamba pa linzake. Amayi anatiitanitsa tikutuluka kumene mumzikiti, ndipo tinawapeza atakhala pakhonde, foni ili pamiyendo.

"Inu mumaphunzitsa ana a eni," anatero amayi, "koma wa bere limodzi ndi inu wayamba kusunga zida. Munthu wosoka zovala, malupanga achita nawo chiyani? Miyezi itatu tsopano ndalama za malata sizikubwera. Pitani mukamuone ndi maso anu."

Mantha a amayi anali ndi maziko. Kuno kunyanja palibe mudzi umene sudziwa nkhani ya mnyamata amene anapita ku Joni ali wofatsa, n'kukagwa m'magulu oipa. Timadziwanso kuti chikwanje chimene chimalambula munda m'mawa n'chomwecho chimene chimavulaza munthu usiku. Pamwamba pa zonsezo, denga la udzu la nyumba ya amayi linali litatha, ndipo mvula inali pafupi. Popeza tinali kale ndi ulendo wokagula mabuku a madrasa, tinakwera basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge. Masiku awiri a pamsewuwo tinawathera pokonza mawu omudzudzula, ndipo pofika tinali ndi ulaliki wathunthu mumtima.

Mng'ono wathu anatilandira ndi ulemu wonse. Titadya ndi kuswali, anasamba m'manja, anayala nsalu yoyera pabedi n'kutsitsa zonse za pakhoma paja. "Achimwene," anatero, "ndikudziwa chimene amayi akutumirani. Musanandiweruze, gwirani chilichonse mwa izi, ndikuuzeni ntchito yake." Chotidabwitsa choyamba chinali chakuti mwa zinthu zisanu zimene amayi anaziwerenga ngati malupanga, ziwiri zinalibe chitsulo n'komwe.

Choyamba chinali shinai, ndodo ya timizere tinayi ta nsungwi tomangidwa pamodzi ndi chikopa ndi chingwe. Imeneyi ndi ya kendo, masewera amene anthu awiri ovala zodzitetezera kumutu, m'manja ndi pamimba amamenyana motsatira malamulo okhwima. Ya mwamuna wamkulu siipitirira masentimita 120 m'litali, ndipo siyenera kupepuka kuposa magalamu 510. Nsungwizo zimafwamphuka zikagunda thupi, motero mphamvu ya kumenyako imachepa. Masewerawa si achilendo kwenikweni ku Malawi, pakuti anafika ndi achinyamata odzipereka a ku Japan, amene akhala akubwera kudzagwira ntchito m'dziko muno kuyambira 1971, ndipo ku Blantyre alipo amene amawachita.

Chachiwiri chinali bokuto, lupanga lamtengo lotalika mita imodzi ndi pang'ono, losemedwa kuchokera ku mtengo wolimba umene eni ake amautcha kashi. Ambiri mwa malupanga amtengo a ku Japan amasemedwa mumzinda wa Miyakonojo, kummwera kwa dzikolo. La mng'ono wathu linali ndi zipsera m'mbali monse, ndipo pogwirira panali patada ndi thukuta monga umadera mpini wa khasu la mlimi wakhama. Anati ndilo anayambira, ndipo mpaka lero amaligwedeza m'mawa uliwonse akamaliza Swala ya Fajr, asanapite kokasoka.

Chachitatu ndicho chinali chokopa maso kuposa zonse. Chinali lupanga lonyezimira ngati kalirole, chimake chake chojambulidwa chinjoka cha mtundu wa golide. Mng'ono wathu anaseka mwamanyazi. Analigula pamsika ndi malipiro ake oyambirira, asanadziwe kanthu, ndipo atapita nalo kokaphunzira, mphunzitsi wake anangoliyang'ana kamodzi n'kumuuza kuti alitulutse m'nyumbamo. Anatimasulira chigwiriro kuti tione chifukwa chake. Mlimi aliyense amadziwa kuti mphamvu ya khasu ili pamsuka, kachitsulo kaja kolowa mumpini. Lupanga lenileni la ku Japan lili ndi msuka waukulu, wotchedwa nakago, umene ndi chitsulo chimodzi ndi lupangalo, ndipo umagwidwa m'chigwiriro ndi kachikhomo kansungwi kotchedwa mekugi. Lonyezimirali linali ndi kawaya kopyapyala kongowotcherera. Chitsulo chakenso ndi chija chosachita dzimbiri, chimene n'chabwino pa mpeni wa kukhitchini koma chimathyoka msanga chikatalika. Munthu akaligwedeza mwamphamvu, lupanga lotere likhoza kuthothoka n'kuulukira mnzake.

Chachinayi chinali iaito, ndipo pochigwira nkhope ya mng'ono wathu inasintha. Maonekedwe ake ndi a lupanga lenileni m'zonse: chigwiriro chokutidwa ndi chikopa cha nsomba ya m'nyanja yamchere n'kulukidwa ndi chingwe chathonje, kambale kachitsulo koteteza dzanja kotchedwa tsuba, ndi chimake chamtengo chopakidwa utoto wakuda. Koma tinayendetsa chala kukamwa kwake osachekeka. Iaito imapangidwa ndi chisakanizo cha aluminiyamu ndi zinki, chimene sichinoleka ngakhale munthu atafuna. Ambiri a malupanga amenewa amachokera mumzinda wa Seki, m'chigawo cha Gifu, umene wakhala wotchuka ndi osula kwa zaka mazana ambiri. Lamulo la ku Japan la 1958 limakhwimitsa kwambiri kasungidwe ka mfuti ndi malupanga akuthwa, motero wophunzira amafunika chida chofanana ndi lupanga m'kulemera ndi m'kagwiridwe, koma chosadula.

Apa m'pamene tinayamba kumva tanthauzo la kuyerekeza malupanga. Ife tinkaganiza kuti labwino ndi lakuthwa kwambiri kapena lokwera mtengo. Iye anati funso loyamba ndi msinkhu wa mwini wake. Anthu a ku Japan amayeza lupanga ndi muyeso wa shaku, umene ndi masentimita 30.3. Lopitirira mashaku awiri ndilo lalitali, monga katana. La pakati pa shaku imodzi ndi awiri ndi wakizashi. Losakwana shaku imodzi ndi tanto. Munthu wa msinkhu wa masentimita 170 amayenerana ndi lupanga la masentimita 73 kapena 74, osawerengera chigwiriro. Likatalika kuposa mkono wa mwini wake silisololoka bwino m'chimake, ndipo likalemera kuposa mphamvu zake limapweteka chigongono ndi phewa pakapita miyezi. Anatipatsa iaito ndi lonyezimira lija kuti tinyamule mosinthanitsa. Iaito inali yosakwana kilogalamu imodzi, ndipo kulemera kwake kunali pafupi ndi dzanja. Linalo linkagwera kunsonga ngati nkhwangwa. Anatisonyezanso kangalande kotsata msana wa lupanga, kotchedwa bohi. Munthu akadula mphepo mowongoka, kangalandeko kamaimba likhweru. Akapendeketsa dzanja pang'ono, likhwerulo limazilala. Choncho wophunzira amamva kulakwa kwake ndi khutu, mphunzitsi asanalankhule.

Chachisanu anachitulutsa pomaliza m'thumba lansalu, ndipo anatipempha kuti tisakhudze chitsulo chake, chifukwa thukuta la chala limasiya dzimbiri. Limeneli linali lakuthwa ndithu, lopangidwa ku Longquan, mzinda wa ku China umene umatumiza malupanga ochuluka a maonekedwe a ku Japan m'mayiko ambiri. Malupanga otere amagwiritsidwa ntchito poyesa kudula mikeka yokulungidwa n'kuviikidwa m'madzi, zimene amazitcha tameshigiri. Tinamufunsa kuti wadula nalo kangati. Anayang'ana pansi. Mphunzitsi wake anali asanamulole, ndipo anamuuza kuti padakali zaka. Analigula chifukwa mtima unathamanga, ndipo kuyambira pamenepo amangolisolola kamodzi pamwezi kuti alipukute ndi kulipaka mafuta.

Tinawerengera mumtima mitengo imene anatchula, ndipo tinaona kuti siikufika pa ndalama za miyezi itatu. Titamufunsa za zotsalazo, anatsegula foni n'kutionetsa lupanga lachisanu ndi chimodzi, limene silinali m'chipindamo. Linali nihonto, lupanga lakale losulidwa ku Japan kwenikweni, limene munthu wina ankaligulitsa. Ndalama za malata zinkasungidwira limenelo.

Tiyenera kuvomereza kuti pamene ankafotokoza kasulidwe kake, mkwiyo wathu unayamba kusakanikirana ndi chidwi. Chitsulo chake, chotchedwa tamahagane, chimachokera ku mchenga wakuda wokhala ndi chitsulo, wofanana ndi umene timauona m'madera ena a gombe lathu. Mchengawo umasungunulidwa ndi makala m'ng'anjo yadothi yotchedwa tatara, moto ukuyaka masiku atatu usana ndi usiku. Makolo athu ankadziwanso ng'anjo ndi mvukuto, koma kwathu luso limenelo linazimirira, pamene ku Japan anaitsitsimutsa ng'anjo imodzi mu 1977 ku Okuizumo, m'chigawo cha Shimane, kuti osula asasowe chitsulo. Wosula amatenthetsa chitsulocho, kuchisula, kuchipinda pakati n'kuchisulanso, kakhumi kapena kupitirira, pofuna kuchotsa zinyalala ndi kuchilinganiza. Akachipinda ka 15, mipindo yake imakwana 32,768. Kenako amakuta chitsulo chofewa ndi chitsulo cholimba, kuti kukamwa kukhale kwakuthwa koma thupi lisathyoke. Asanalimize m'madzi amalimata dongo, lochindikala kumsana ndi lopyapyala kukamwa. Kukamwako kumazizira msanga n'kuuma kwambiri, kumsana kumazizira pang'onopang'ono, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumathandiza kulipinda lupanga mokhota, n'kusiya mzere wonga mafunde umene amautcha hamon. Likachoka kwa wosula limapita kwa mmisiri wina wonola, amene amatha masabata akusinthanitsa miyala, kenako kwa wosema chimake, kenako kwa woluka chigwiriro.

Mbiri yake ndi yolemeranso. Akatswiri amagawa kasulidwe kakale m'miyambo isanu, ya Yamashiro, Yamato, Bizen, Soshu ndi Mino, ndipo wosula wotchuka kuposa onse, Masamune, ankagwira ntchito ku Kamakura cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300. Mu 1588 Toyotomi Hideyoshi analamula kuti alimi alandidwe malupanga. Mu 1876 boma linaletsa ngakhale asamurai kuyenda ndi malupanga pagulu. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha mu 1945, malupanga ambiri analandidwa, ena anawonongedwa, ena anapita kunja, ndipo kusula kunaletsedwa mpaka 1953. Mu 1948 anthu okonda luso limeneli anakhazikitsa bungwe lotchedwa NBTHK pofuna kupulumutsa malupanga otsala. Lero wofuna kukhala wosula amaphunzira zaka zisanu pansi pa mmisiri wovomerezeka asanapatsidwe chiphaso cha boma, ndipo saloledwa kusula malupanga aatali oposa awiri pamwezi. N'chifukwa chake ngakhale latsopano limagula ndalama zimene wosoka zovala sangazipeze m'miyezi yochepa.

Chimene chinatikhudza kwambiri monga ophunzira a Hadith ndi nkhani ya maina. Osula ambiri ankazokota dzina lawo pamsuka, koma maina onama ndi ochuluka, chifukwa dzina lalikulu limakweza mtengo. Choncho akatswiri sakhulupirira dzina lokha. Amayang'ana kakhotedwe ka lupanga, mizere ya m'chitsulo, maonekedwe a hamon, ngakhale mtundu wa dzimbiri la pamsuka, limene n'koletsedwa kulipala chifukwa ndilo umboni wa zaka. Pophunzitsana amabisa msuka m'chigwiriro, n'kumuuza wophunzira kuti atchule wosula poyang'ana chitsulo chokha. Bungwe lija limapereka zikalata zotsimikizira m'magawo anayi, kuyambira Hozon mpaka Tokubetsu Juyo. Tinakumbukira momwe akatswiri athu a Hadith ankakanira kulandira nkhani chifukwa chongoti yalumikizidwa ku dzina la Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam), mpaka atafufuza aliyense amene anaidutsitsa. Tinaona kuti kusonkhanitsa ndi kuyerekeza zinthu zakale kukhoza kukhala maphunziro enieni, ndipo popanda anthu otere malupanga ambiri a Masamune ndi anzake sakanafika m'badwo uno.

Tsiku lotsatira madzulo tinapita naye kumalo ophunzirira, amene amawatcha dojo. Inali holo ya sukulu yobwereka, pansi pake pa matabwa. Zimene amaphunzira zimatchedwa iaido, ndipo palibe kumenyana. Munthu amakhala yekha, kawirikawiri atagwada, lupanga lili m'chimake m'chiuno, kukamwa kwake kutayang'ana kumwamba. Amalisolola, amadula mphepo kamodzi kapena kawiri, amaligwedeza ngati akulisansa, kenako amalibwezera m'chimake pang'onopang'ono osayang'ana. Bungwe loyang'anira kendo m'dziko la Japan linakhazikitsa machitidwe asanu ndi awiri otere mu 1969, linawaonjezera kufika pa khumi mu 1980, ndipo mu 2000 anakwana 12. Kwa maola awiri tinaona amuna ndi akazi akubwereza zomwezo mwakachetechete. Mphunzitsi anathera nthawi yambiri pa kubwezera lupanga m'chimake kusiyana ndi pa kudula, pakuti pamenepo m'pamene dzanja lamanzere limayandikana ndi kukamwa kwa lupanga, ndipo wopupuluma amadzicheka yekha. Tinamvetsa chifukwa chake mng'ono wathu sanaloledwe kugwira lakuthwa lija.

Adabu za m'nyumbamo zinatikumbutsa zathu. Aliyense asanayambe amayang'ana kachikhomo kansungwi kaja ngati n'kolimba, chifukwa moyo wa oyandikana naye umadalira kamtengo kochepa kuposa chala. Lupanga silidumphidwa likakhala pansi. Silisololedwa mwamasewera, ndipo popatsirana munthu salozetsa nsonga kapena kukamwa kwake kwa wolandira. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) analetsa kupatsirana lupanga losololedwa, analetsa kuloza m'bale ndi chida ngakhale mocheza, ndipo analamula wodutsa ndi mivi mumzikiti kapena pamsika kuti agwire nsonga zake kuopa kubaya munthu. Anthu amene sanamvepo za Hadith zimenezi anafika pa malamulo ofanana nazo chifukwa cha zovulala zimene anaziona.

Koma panali chinthu chimodzi chimene tinabwera tikuchidikira ndi mtima wolemera. Poyamba ndi pomaliza, ophunzira amagwada, amaika lupanga patsogolo pawo, n'kuwerama mpaka chipumi kuyandikira pansi. Amaweramiranso kutsogolo kwa holo, kumene m'madojo ena ku Japan kumakhala kakachisi kakang'ono ka chipembedzo cha Shinto. Ambiri mwa iwo amati umenewu ndi ulemu chabe, ndipo sitikayika kuti akunena zoona za mitima yawo. Komabe kwa Msilamu, ruku ndi sijida ndi za Allah yekha, ndipo Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) atafunsidwa za kuweramira mnzako pomupatsa moni, sanalole. Nthawi yowerama itakwana tinayang'anitsitsa mng'ono wathu. Anzake onse anatsika, iye anakhala chowongoka, dzanja lamanja lili pachifuwa. Palibe amene anacheuka. Potuluka anatiuza kuti mwezi wake woyamba anapita yekha kwa mphunzitsiyo n'kumufotokozera chikhulupiriro chake, atakonzeka kusiya ngati akanizidwa. Mphunzitsiyo anamuuza kuti chofunika ndi kuonetsa ulemu, ndipo anavomera njira imeneyo. Pa ulendo wonsewo palibe chimene chinatitonthoza mtima kuposa chimenechi. Mwana amene tinamuphunzitsa Alif ndi Baa pakhonde la amayi anali atateteza Tauhid yake kutali ndi kwawo, popanda wina womukumbutsa.

Usiku umenewo ulaliki umene tinakonza m'basi unali utatsala theka. Sitikanamuuza kuti kusunga lupanga ndi haramu, chifukwa si choncho. Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anali ndi malupanga okhala ndi maina, lotchuka kwambiri ndi Dhul Fiqar, ndipo chigwiriro cha lupanga lake chinali chokongoletsedwa ndi siliva. Sitikanamuuzanso kuti masewera a zida ndi oletsedwa, pakuti anthu a ku Habasha anasewera ndi mikondo mumzikiti wa ku Madina tsiku la Eid, mayi Aisha (Radhiya Allahu anha) akuonerera ndi chilolezo cha Mtumiki. Pa nkhani ya Zakaat tinamuuza zimene mabuku a Fiqh amanena: katundu wogwiritsa ntchito mwini wake sapereka Zakaat, koma wogula ndi cholinga chodzagulitsa amawerengedwa ngati malonda, ndipo ndalama zosungidwa zikafika pa Nisaab n'kutha chaka zimapereka, ngakhale zikusungidwira lupanga. Theka lotsalalo linali la amayi. Kusamala kholo losowa ndi udindo wokakamizika pa mwana amene ali nazo, pamene lupanga lakale ndi chokhumba cha mtima. Chololedwa chikadya gawo la chokakamizika, vuto lakhalapo kale, ngakhale chinthucho chikhale choyera chotani.

M'malo momukalipira, tinamupempha kuti ayale zisanu zija pabedi motsatira mtengo wake, kuyambira chokwera. Anayamba ndi lakuthwa la ku Longquan, kenako iaito, kenako lonyezimira, kenako bokuto ndi shinai. Tinamupempha kuti aziyalenso motsatira masiku amene chilichonse chakhala m'manja mwake. Anatenga bokuto n'kuiika poyamba, iaito pambuyo pake, kenako shinai. Awiri enawo anawagwira kanthawi, osadziwa powaika, chifukwa onse anali asanagwirepo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Tinamufunsa kuti lachisanu ndi chimodzi lija likadzabwera lidzakhala pati pamzere wachiwiriwu. Anavomereza kuti lupanga la zaka mazana silingatengedwe kupita ku holo, ndipo lidzakhala m'chimake chake chamtengo woyera, kutulutsidwa pokhapokha polipaka mafuta. Zonse zimene zinamusintha kukhala munthu wodzuka m'mamawa, wodekha polankhula ndi wosamala ndi manja ake anazipeza m'lupanga lamtengo ndi m'lupanga losadula.

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anayang'ana makatoni awiri a mabuku amene tinagula masana aja, ndipo anafunsa mwaulemu, mawu ali pansi: "Achimwene, pepani ngati ndikulakwa. Mabuku aja munagula ulendo watha, mwamaliza angati?"

Sitinamuyankhe msanga. M'nyumba mwathu muli Fath al-Bari ya Ibn Hajar, ndemanga yaikulu ya Sahih al-Bukhari, mabuku oposa khumi a zikuto zagolide amene alendo amawayamikira akalowa. Tinawagula chaka chimene mayi a kunyumba kwathu ankapempha makina osokera. Ena mwa iwo masamba ake anali akadali omatana. Buku limene latiphunzitsa ife ndi ana mazana a m'madrasa ndi kabuku kakang'ono ka Fiqh kong'ambika chikuto, kamene tinakamata ndi selotepi. Tinali titayenda masiku awiri kukadzudzula matenda amene tinawasiya pashelefu kwathu. Tinamuuza zoona, ndipo kukambirana kwa usiku umenewo kunapitirira ngati kwa anthu awiri odwala nthenda imodzi.

Tisanabwerere, mng'ono wathu anagulitsa lupanga lakuthwa lija kwa wophunzira wamkulu wa padojo pawo, amene anali ndi chilolezo chodula mikeka. Lonyezimira lija anakana kuligulitsa kwa aliyense, poti kugulitsa chinthu ukubisa chilema chake ndi chinyengo, ndipo wolidziwa chilema chake sangaligule. Analichotsa m'chigwiriro n'kulikulunga, kuti lisadzagwedezedwenso ndi munthu. Ndalama zimene ankasungira nihonto anatipatsa mu envulopu, ndipo malata anakhomedwa mvula yoyamba isanagwe. Chikhumbo cha lupanga lakale sanachitaye, ndipo ife sitinamuuze kuti achitaye. Tinangogwirizana kuti lidzabwera pambuyo pa amayi, pambuyo pa ukwati wake, ndiponso akadzadziwa kuwerenga chitsulo mokwanira kuti asadzagule dzina lonama.

Amayi anamvetsera nkhani yonse atakhala pansi pa denga latsopano. Titafika pa iaito anatidula mawu. "Ndiye mukuti mwanayo amalipira ndalama kuti aphunzire kusolola lupanga losadula, n'kulibwezeranso?" Tinavomera kuti n'zomwezo. Anapukusa mutu, anaseka pang'ono, kenako anafunsa ngati amaswali. Titawauza za dzanja lija pachifuwa, anatukula manja n'kumupempherera.

Kwa makolo a kuno kunyanja amene ana awo ali kutali ndipo ayamba zinthu zachilendo, kaya ndi karate, judo, kendo kapena malupanga, tikupempha kuti chithunzi chokha chisakhale umboni womaliza. Funsani kuti akuphunzira kwa yani ndipo mphunzitsiyo amawaletsa chiyani, chifukwa mphunzitsi amene saletsa kanthu ndi woopsa kuposa chida. Funsani kuti amaweramira chiyani, ndipo ngati malowo sangalole Msilamu kusunga sijida yake kwa Allah yekha, mwanayo afune malo ena. Funsaninso kuti ndalama zimene zikupita kumeneko ndi gawo la yani. Mayankho a mafunso amenewa ndiwo adzakuuzeni ngati muyenera kuda nkhawa.

Ifeyo titabwerako tinatsitsa buku loyamba la Fath al-Bari pashelefu, ndipo timawerenga masamba awiri tsiku lililonse ikatha Fajr, nthawi yomwe mng'ono wathu amagwedeza bokuto yake ku Johannesburg. Tikamaliza timatumizirana uthenga waufupi pafoni. Pa liwiro limeneli zidzatitengera zaka zambiri kuti tifike kumapeto, ndipo chaka chino sitinagule buku latsopano. Makina osokera aja tinawagula mwezi watha. Allah atikhululukire pa zimene tinachedwetsa, ndipo Iye ndiye Wodziwa bwino koposa.